Achemwali Anaitana pa Phiri la Tomasi

Iwe Sigele, tachotsa foniyo pamaso panga, ndaziona zithunzizo. Akachisi a ku India, nyanja, mapiri, eya n'zokongola, sindikukana. Ukuti ukadzapeza mwayi udzapita kukaona? Pita mwana wa mchimwene wanga, palibe akukuletsa. Koma poti magetsi atithawanso, sendera kuno ku mbaula ndikuuze za munthu amene anapitako, anaona zonsezo ndi maso ake, n'kubwerako chimanjamanja. Ndikunena achemwali anga a Edesi, azakhali ako aakulu a ku Ntcheu aja, amene mumati sakonda kucheza.

Amuna awo, alamu anga, anali a Alifeyo Chagunda, mphunzitsi wa pulayimale. Munthu woseka, wachidwi ngati mwana, woti akaona mapu ankaiwala kuti chakudya chikuzizira. Ana analibe. Achibale analankhula mpaka kutopa kuti alamu atenge mkazi wina, iwo anakana kwamtuwagalu. Choncho nyumba ija inali ya anthu awiri basi, wina akatuluka mnzake ankayang'ana kumsewu.

Tsono achemwali ndi munthu wachikale. Kuchinamwali anatilangiza tonse kuti dzina la mwamuna wako sutchula, n'chipongwe. Ife enafe tinaponyera kunkhongo tsiku lomwelo, ine wanga ndimamuitana ndili kuseri kwa bafa. Koma achemwali anagwiritsa. Akanakhala ndi mwana bwenzi akuti bambo a uje, koma mwanayo kunalibe. Ngakhale mfunda wa alamu unkawalemera pakamwa. Zaka zonse za banja lawo ankangoti "inu", apo ayi "abambo". Ine ndinkawaseka kuti, "Achemwali, kodi dzinalo limaluma?" Iwo ankangondiyang'ana cham'mbali.

Kenako alamu anayamba kudwala mtima. Madokotala anati opaleshoni yake kuno siingatheke, apite ku India, kumzinda wa Chenai. Achemwali, munthu woti ngakhale ku Lilongwe ankapita mtima uli m'mwamba, anakwera ndege ngati gadiyani.

Kumeneko madokotala anawauza kuti adikire kaye, thupi likonzeke. Anapeza kachipinda pamwamba pa nyumba ya alendo pafupi ndi chipatala. Kutentha kwake ati Nsanje ndi masewera. Munthu wina akanangogona n'kumadandaula, koma alamu ayi. Anapalana ubwenzi ndi bambo wina woyendetsa bajaji, kagalimoto ka matayala atatu kaja, dzina lake Selvam, Mhindu wa ndevu zaimvi zapamlomo. Chingerezi cha Selvam chinali chothyokathyoka ngati cha achemwali, moti awiriwo ankamvana bwino kuposa mmene ankamvera alamu. Tsiku limene alamu adzuka bwinoko, basi, "Mayi, valani, tikaone dziko."

Selvam anawatengera kukachisi wamkulu wa Ahindu kudera lotchedwa Mailapo. Ati pakhomo pake pali nsanja yaitali, yodzaza ziboliboli zopaka utoto kuyambira pansi mpaka kunsonga, ndipo nsapato umavula panja. Pafupi pali dziwe lalikulu lomangidwa, la masitepe mbali zonse. Achemwali, Mkatolika wa korona m'manja, ankalowa akunjenjemera, alamu akungofunsa mafunso. Anapitanso kunyanja yamchere, kumene mchenga wake umayenda mpaka miyendo kuwawa usanafike pamadzi. Alamu anaviika chala n'kulawa, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, ndaphunzitsa ana za madzi amenewa moyo wanga wonse ndisanawalawe. Ndi amcheredi!"

Koma malo amene anawakonda koposa ndi kaphiri kena kokhala ndi tchalitchi pamwamba, kamene Akhristu a kumeneko amati ndi pomwe anafera mtumwi Tomasi. Ankakwera pang'onopang'ono, akupumira m'njira. Akafika pamwamba alamu ankakhala pakakhoma n'kumayang'ana mzinda wonse uli pansi, ndi ndege zikutera ndi kunyamuka, poti bwalo la ndege lili pafupi. Ankati akachira adzabweranso kudzathokoza.

Opaleshoni inachitika. Alamu sanadzuke.

Mayo ine, ndikafika pamenepa mtima umandipweteka. Kwathu kuno maliro akagwa, usanamalize mfuu yoyamba anansi adzaza kale bwalo, wina wakugwira phewa, wina wayamba nyimbo. Achemwali atagwa pansi m'khonde la chipatala n'kuyamba kubuma, namwino anabwera mwaulemu ndithu, n'kuika chala pamlomo kuti odwala ena akugona. Anabwerera kukachipinda kaja okha. Anakankhira bedi pambali, anayala chitenje pansi, n'kukhala tsonga mmene timakhalira pasiwa. Palibe anagogoda. Panja mahutala ankangolira monga mwa masiku onse, ndipo pamwamba chokupizira mphepo chinkangozungulira. Mapepala otulutsira thupi ankachedwa, ndiye anakhala choncho masiku angapo, namfedwa wopanda womukhuza.

Ndi pamene anaimba foni a Kampanje, malume awo a malemu, mwinimbumba kuchimunako.

"Mayi, mundimvere bwino," anatero a Kampanje. "Thupi libwera pandege, zimenezo ndi za mapepala. Koma mwiniwakeyo sanyamuka popanda kuuzidwa. Muyende monse mmene ankakonda kupondamo, mumuitane, mumuuze kuti tikupita kwathu. Mukamusiya, akhala komweko kwa eni mpaka kalekale, ife kuno tikwirira bokosi chabe."

Za dzina sananene. Akananeneranji? Ndani amaitana munthu osatchula dzina lake? Iwo ankaona ngati n'zodziwikiratu.

M'mawa mwake achemwali anaitanitsa Selvam. Bambo uja atamva za imfa anavula kansalu kapaphewa n'kupukuta m'maso, ndipo ndi munthu yekhayo mumzinda wonse uja amene anawalirako alamu. Anayambira kukachisi. Achemwali anaima m'mbali mwa dziwe lija n'kunena chapansipansi, "Abambo, tikupita kwathu. Tiyeni." Makwangwala okha ndi amene ankalira padenga. Kunyanja ananenanso chimodzimodzi, mafunde n'kumeza mawuwo. Anayamba kuopa kuti mwina sakumveka.

Paphiri anafika dzuwa litapendeka. Anavula masilipasi pakhomo la tchalitchi monga amachitira anthu kumeneko, analowa n'kupemphera, kenako anatuluka opanda nsapato mpaka pakakhoma paja. Ataona malo amene alamu ankakhala, ulemu wonse wolankhula motsitsa unatha. Anakuwa m'Chichewa, misozi ili chuchuchu, amwenye akuwayang'ana chapatali.

"Inu a kwathu, tiyeni! Musatsale kuno kwa eni ake. Ndabwera kudzakutengani, tiyeni kumudzi!"

Ati mbalame zimene zinkasokosera m'mitengo zinangoti zii. Kamphepo kanadutsa, kozizira, m'dziko lotentha lija. Ndiye kumbuyo kwawo munthu anatsokomola, kachifuwa kouma, kamodzi kokha. Atacheuka panalibe munthu pafupi, kupatula masisitere awiri amene anali patali akulowa m'tchalitchi.

Atabwerera pakhomo anapeza masilipasi awo, amene anawavula mothamanga lina uku lina uko, ataikidwa pamodzi bwinobwino, atayang'ana kunjira yotsikira. Achemwali anagwira pamtima. Anati, amva.

Potsika masitepe ankamva mapazi pambuyo. Akaima, nawonso ankaima. Sanacheukenso, poti anaopa kuti angawachititse manyazi. Chimodzi chokha chinawadabwitsa pang'ono: mapaziwo anali olemera, ogunda ngati jombo, chonsecho alamu ankavala nsapato zansalu ndipo ankayenda mopepuka. Koma anadziuza kuti munthu wotuluka mu opaleshoni sangayende mmene ankayendera kale.

Atakhala m'bajaji, kagalimoto kaja kanatsamira mbali imodzi, mbali imene kunalibe munthu. Selvam anayang'ana pagalasi n'kufunsa, "Mayi, mnzanuyu akupita kuti?" Atatembenuka kuti amuone bwino, anangotsegula pakamwa. Kenako analiza injini. Asanapite patali anadutsa pamanda ena a mpanda, a udzu wotchetcha bwino ndi miyala yoyera yofanana, ili m'mizere. Pomwepo injini inazima yokha.

"Manda a ndani awa?" anafunsa achemwali.

"Asilikali," anatero Selvam, osayang'ana kumbuyo. "Nkhondo yaikulu yakale. Ochokera kutali. Ena a ku Afirika."

Anagwira kachithunzi ka mulungu wake kamene anamata kutsogolo, n'kudzigwira pachipumi. Anayesa kangapo injini isanalire.

Kuyambira tsiku limenelo kachipinda kaja sikanalinso kopanda munthu. Kampando kamene kanali pafupi ndi chitseko kankalira kokha, ngati wina akukhalapo. Mayi wogulitsa tiyi pansi pa nyumbayo anayamba kuthira makapu awiri osafunsidwa, ndipo achemwali akaloza kuti imodzi, mayiyo ankayang'ana kuseri kwa phewa lawo n'kusokonezeka. M'chipindamo munkamveka fungo la fodya, osati ndudu za m'sitolo ayi, koma chingambwe weniweni, wopichira m'chikoko cha chimanga, amene ankasuta azigogo athu.

Anandiimbira foni. Mawu awo anali opepuka koyamba chimwalirire alamu.

"Abwera, m'bale wanga. Ndili nawo muno."

Anandifotokozera zonse, za masilipasi, za mapazi, za fodya. Ine pakamwa panga mumapadziwa, sipasunga kanthu.

"Achemwali, alamu anayamba liti kusuta? Si iwo aja ankathamangitsa anthu osuta pakhonde?"

Anandiyankha kuti, "Iwe umangokonda kutsutsa. Uli ndi mwamuna, uli ndi ana, nyumba yako ili phokoso lokhalokha. Ine ndili ndi ndani kuno?" N'kudula foni. Ndinakwiya, koma ndinaliranso, chifukwa ankanena zoona.

Zimene zinkachitika m'chipindamo anadzandiuza pambuyo pake. Ati mlendoyo sankayandikira pamene iwo ankagona. Ankangokhala pakhomo, ngati mlonda. Iwo ankamulankhula, kumuuza za mapepala, za chimanga chimene anasiya m'munda chisanakololedwe, za denga la khitchini lodontha. Sankayankha, koma ankamvetsera, ndipo munthu ukakhala wekha kumvetseredwa kokhako kumakwana. Tsiku lina m'bandakucha, ali pakati pa tulo ndi kudzuka, anamva mawu kuchokera kuchitseko.

"Mayi, kodi mvula inagwa bwino ku Nyasalande chaka chino?"

Anali mawu a mnyamata, koma kalankhulidwe kake kanali ka anthu akalekale. Achemwali anafunda chitenje kumutu. Anayankha ali m'chitenje momwemo kuti inagwa bwino. Kuchitseko kunamveka kupuma kwautali, kwa munthu amene mtima wake wakhala pansi. Kutacha anadziuza kuti analota. Iwe Sigele usapukuse mutu. Munthu akagwira kanthu kamodzi kokha m'manja, safuna kukayang'anitsitsa.

Mapepala anatuluka. Tsiku lonyamuka Selvam anabwera kudzawatenga, atapachika nsalu pagalasi loonera kumbuyo. Atayandikira bwalo la ndege, phiri lija likuoneka chapatali ndi tchalitchi chake, anaimika bajaji m'mbali mwa msewu.

"Mayi, ndikhululukireni. Amuna anu ndinkawadziwa. Akakwera muno ankaseka, ankandigwira paphewa. Ameneyu saseka."

Achemwali anangoyang'ana pansi.

"Nthawi ilipo," anatero Selvam. "Tikwere phiri kachiwiri. Mukaitanenso."

Anaganiza ndithu, ati mpaka anatulutsa phazi limodzi panja. Koma mantha anawagwira. Anati bwanji ndikabwerera kuphiri, amene ndili nayeyu akatsale komweko, ndikwere ndege ndekhandekha? Anabweza phazi lija.

"Tiyeni kubwalo la ndege," anatero.

Selvam sanaumirize. Powatsitsa anagwirizanitsa manja pachifuwa n'kuwerama, kaye kwa achemwali, kenako kumalo opanda munthu pambali pawo.

Ife tinakawalandira ku Chileka, ine ndi a Kampanje ndi achibale ochepa. Achemwali anali atatha, mafupa okhaokha, koma nkhope inali yodekha. A Kampanje atawafunsa ngati anamuitana, anayankha kuti eya, ali pompano. Bokosi tinalikweza m'galimoto ya bokosibode imene tinabwereka. Ine, achemwali ndi a Kampanje tinakhala kumbuyo pamodzi ndi malirowo, enawo anatsogola pa minibasi. Tisanafike n'komwe pa Lirangwe, fungo la chingambwe linandilowa m'mphuno, galimoto ikuthamanga, mphepo ikuwomba. Ndinayang'ana a Kampanje. Nawonso ankanunkhiza, atakwinya nkhope. Kumapazi kwa bokosi, pafupi ndi chitseko chakumbuyo, kunali malo oti munthu n'kukhalapo, ndipo palibe mwa ife amene anatambasulirako miyendo.

Tinawoloka Shire pa Zalewa bwinobwino. Dzuwa likufiira tinafika pa Chingeni, pamphambano pamene msewu wina umakhotera ku Balaka ndi ku Liwonde. Pomwepo galimoto inazima. Dalaivala anatsika akung'ung'udza n'kukatsegula kutsogolo. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anaona bokosi n'kusiya kuitanira malonda.

Unyolo wa chitseko chakumbuyo unalira. Galimoto inatukuka pang'ono, mmene imachitira munthu wolemera akatsika. Pansi, pamiyala, panagunda jombo ziwiri. Zimenezi sindinachite kumva kwa munthu, ndinalipo, ndipo mawuwo ndinawamva ndi makutu angawa.

"Zikomo, mayi. Ine kwathu ndi uku. Anzanga onse anabwerera kalekale, ine panalibe wondiitana."

Achemwali anagwira m'mphepete mwa galimoto.

"Nanga... nanga abambo?"

"Bambo aja tinawasiya atakhala pakhoma. Ndinawauza kuti tiyeni, anati akudikira mkazi wawo awaitane."

Mapazi aja anayamba kuyenda. Anawoloka msewu, analowera njira ya ku Balaka, osafulumira, akumveka mpaka kuzimirira. Agalu a pamalopo anathawira kuseri kwa mabenchi. Fungo la fodya linatha, ndipo kutsogolo injini inalira yokha dalaivala asanagwire kalikonse.

A Kampanje anavula chipewa.

"Mayi, paja munati munamuitana. Munamuitana ndi dzina lake?"

A Kampanje anasendera pafupi ndi achemwali.

"Mayi, wakufa saona nkhope, sazindikira mawu a munthu. Chimene amatsala nacho ndi dzina lake basi. Munati chiyani?"

"Ndinati inu," ananong'ona achemwali. "Ndinati inu a kwathu."

A Kampanje anaphimba kumaso ndi chipewa chija.

Achemwali anatsika m'galimoto. Ndinayesa kuwagwira, anandikankha ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti ali nayo. Anaima pakati pa mphambano, duku litagwa, n'kuyang'ana kum'mawa kumene kunali kutayamba kale kuda. Anatsegula pakamwa, poyamba sipanatuluke kanthu. Kenako linatuluka, dzina limene sanalitchulepo chikwatiwire.

"Alifeyo! Alifeyo, tiye kwathu! Ndine Edesi! Alifeyo!"

Anakuwa mpaka mawu anasasa. Tonse tinakhala chete kumvetsera, ngakhale amayi a tomato aja. Kunadutsa lole ya makala, kenako njinga. Palibe anatsokomola, palibe phazi linagunda.

Mawa lake tinaika maliro. Anthu anabwera ambiri, ana asukulu anaimba, ife tinalira mpaka maso kutupa. Achemwali anakhala pamphasa maso ali gwa, osagwetsa msozi. Amayi ena atayamba kunong'onezana, ndinawakokera pambali n'kuwapempha kuti alireko, anthu angawanene.

"Ndilire ndani pano?" anandifunsa. "Mwamuna wanga ali paphiri, akundidikira."